Thumba la Anthu Odikira

Mphunzitsi wina wa masamu anali ndi malaya oyera awiri, ndipo onse anali otembenuza kolala. Anawatembenuza ndi mkazi wake, mwaluso ndithu, moti munthu sakanadziwa pokhapokha ataima naye pafupi. Ankakhala m'zipinda ziwiri za lendi kumapeto kwa msewu wafumbi, iyeyo, mkazi wake ndi mwana wawo wamkazi. Sukulu imene ankaphunzitsa inali ya munthu, ndipo malipiro ankabwera mwini sukulu akakumbuka.

Mkaziyo anali telala. Makina ake anawaika pawindo loyang'ana kumsewu, ati chifukwa cha kuwala. Madzulo mphunzitsi akatulukira pakona ankamva makina akulira, kenako n'kukhala chete. Mwana ankathamanga kudzamulandira chikwama cha makope. Iye sanadzifunsepo chifukwa chimene makinawo ankasiyira kulira. Ankangoti ndi mmene madzulo amakhalira.

Analinso ndi achemwali ake aakulu, amene anamulera makolo atamwalira. Ankakhala kutali, ndipo Lamulungu lililonse masana ankaimba foni. Mawu awo oyamba sankasintha: "Iwe, wadya?" Nthawi zambiri iye ankangoiyang'ana foniyo mpaka italeka yokha, chifukwa analibe nkhani yatsopano yowauza.

Loweruka ankapita kunyumba yobetchera mpira. Chinali chipinda chachitali chopanda mawindo, chokhala ndi mabenchi, mawailesi akanema kukhoma, ndi matikiti ong'ambika pansi ponse. Obetcha anzake anam'patsa dzina loti Pulofesa, ndipo sikunali kum'lemekeza kwenikweni.

"Funso si loti ipambana timu iti," ankawauza. "Funso ndi loti akukulipirani zingati poyerekeza ndi mwayi weniweni. Mukaponya khobidi m'mwamba, mwayi ndi theka kwa theka. Wachilungamo ayenera kukubwezerani kawiri. Awa amakubwezerani kawiri kuchotsako kachidutswa. Kachidutswa kameneko ndi kamene kanagula mabenchi mwakhalirawa."

"Ndiye inu masamu anuwo anakugulirani chiyani, Apulofesa?" ankafunsa wometa tsitsi wina, munthu wa phokoso ndi wa nthabwala. "Nsapato zanu zikuyasamula. Kapena nazonso zatopa ndi phunziro?"

Anthu ankaseka, iye n'kumwetulira pang'ono. Ankabetcha pokhapokha akaona kuti mtengo umene nyumbayo yaika pa timu wapitirira mwayi wa timuyo. Milungu ina inkatha osabetcha n'komwe. Ankaluza pang'ono, n'kupindula pang'ono kuposa apo, ndipo pakutha pa chaka phindu lake linkakwana yunifolomu ya mwana ndi nsapato. Ankalondola, ndipo ankadziwa kuti akulondola.

Kenako wometa uja anapambana. Tikiti yake inali yaitali ngati lamba, ya matimu amene anawasankha uku akumeta munthu, ena chifukwa choti mayina ake ankamveka bwino. Anatseka kanyumba kake kometera, nagula galimoto.

Mphunzitsi ankalidziwa yankho la zimenezi. Anthu masauzande akagula matikiti opusa, mmodzi ayenera kupambana, ndipo otsalawo samveka. Yankholi anali atalifotokozapo kambirimbiri. Koma silinam'tonthoze.

Tsiku lina mvula inam'peza panjira, makope ali m'kati mwa malaya. Galimoto inaima pambali pake.

"Kwerani, Apulofesa," anatero wometa. "Mungatinyowetsere masamu."

Anakwera. Mpando unali wofewa, ndipo madzi a m'nsapato zake ankayenderera pa kapeti. Njira yonse ankangopepesa.

Pa mtengo wa magetsi wa pakona panali kapepala komata, kolonjeza mwayi pa ntchito, pa banja ndi pa mpira, ndi nambala ya foni pansi pake. Anali atakadutsa kwa zaka. Mlungu umenewo anaima n'kukawerenga mpaka kumapeto.

Mwini kapepalako anali sing'anga, ndipo ankapezeka m'kachipinda ka kuseri kwa sitolo ya matayala. Munalibe zigoba kapena nthenga. Munali tebulo, mipando iwiri ya pulasitiki, ndi bambo waukhondo wa magalasi, akusenda lalanje.

"Khalani, aphunzitsi."

"Mwandidziwa bwanji?"

"Choko chili pa mkono wa malaya. Si zonse zimafuna mankhwala."

Mphunzitsi anakhala, chikwama chili pamiyendo. "Ndisanavomere chilichonse, ndikufuna ndidziwe mtengo."

"Onse obwera muno amayamba ndi kufunsa zimene apeze. Inu mwayamba ndi mtengo. Timvana."

Anatulutsa pansi pa tebulo thumba la nsalu yakuda, la kukamwa kopapatiza kongolowa dzanja limodzi. Litakhudza tebulo linamveka kuti ndi lolemera.

"Mukagula tikiti, muiike pansi pa thumbali mpaka masewero atayamba. Zimene mwalemba zichitika. Lembani zopusa mmene mungathere."

"Nanga chizimba chake?"

"Mukalandira ndalama, dzuwa lisanalowe, pisani dzanja. Muli mchenga, ndipo mumchengamo muli timiyala. Kamodzi kabwera kokha ku zala zanu. Katulutseni. Zotsalazo si zanu."

"Timiyala ta chiyani?"

"Anthu amene amakudikirani. Aja amene mukachedwa mtima wawo sukhala m'malo. Aliyense ali ndi kake."

"Ndikakatulutsa, mwini wake zimuthera bwanji?"

"Sadikiranso."

"Mukutanthauza kuti andiiwala?"

"Ndati sadikiranso, aphunzitsi. Ndinu munthu wophunzira."

Kunja wina ankamenya chitsulo pochotsa tayala. Munthu wina akanadzuka pamenepo. Mphunzitsi anakhalabe, chifukwa m'mutu mwake munali mutabwera kale funso la ntchito yake.

"Tilimo tingati?"

"Ine sindiwerenga anthu a eni. Mukuwadziwa ndinu."

"Ndingakhuthule ndione?"

"Mukakhuthula, mwatulutsa tonse."

"Ndikapambana koma osapisa?"

"Likhuthuka lokha."

"Nanga tikadzatha?"

"Dzanja likadzatuluka lopanda kanthu, ndalama za ulendo umenewo ndi zanu zaulere, ndipo ine ndi inu tasiyana."

"Inu mupindula chiyani pamenepa?"

Sing'anga anaika chidutswa cha lalanje m'kamwa, natafuna mosafulumira. "Nyumba iliyonse ili ndi kachidutswa kake. Si mmene mumaphunzitsira?"

Mphunzitsi ananyamula thumbalo n'kuliyesa m'manja. Linali lolemera zedi.

Anabwerera wapansi, akuwerengera. Anali ataphunzitsa ana mazanamazana, ndipo ena ankam'patsabe moni mumsewu. Anali ndi abale kuchimuna ndi kuchikazi, aneba, aphunzitsi anzake, anthu a kunyumba yobetchera amene Loweruka ankam'funsa kuti wachedwa kuti. Ngati timiyala tinali tochuluka chonchi, mwayi woti dzanja ligwere pa wa m'nyumba mwake unali wochepa kwambiri. Mbali imodzi anaika chisoni cha munthu wakutali amene mwina dzina lake analiiwala kale. Mbali inayo anaika nyumba, sukulu yabwino ya mwana, makina amagetsi a mkazi wake. Pofika pakona anali atamaliza. M'moyo wake wonse anali asanaonepo mtengo wabwino chotero.

Makina analeka kulira. Mwana anathamanga, nagwira chikwama.

"Lero chalemeratu, ababa. Muli chiyani?"

"Makope," anatero, ndipo sanam'patse.

Tikiti yoyamba anailemba ngati mmene akanalembera wometa. Inalowa yonse. Mayi wa pakauntala anaiyang'ana, nayang'ana mphunzitsi, n'kupita kukaitana bwana wake. Masana a tsiku limene analandira ndalama, anapita kuseri kwa nyumba n'kupisa dzanja. Mchenga unali wozizira. Kamwala kanabwera kokha, kakang'ono, kosalala, kofunda ngati kanali m'manja mwa munthu. Anakaponya mungalande osakayang'ana.

Lamulungu foni sinalire. Sanazindikire mpaka madzulo, pamene inalira ndi nambala yachilendo. Achemwali ake anapezeka atamwalira chikhalire pampando, atavala bwino, foni ili pamiyendo.

Pa maliro analira zenizeni. Koma pobwerera, m'basi, anayamba kudzifotokozera yekha mumtima. Achemwali anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kwa zaka zambiri. Amayi a msinkhu wawo amamwalira tsiku ndi tsiku popanda thumba lililonse. Chochitika chimodzi si umboni. Zimenezi ankaziphunzitsa m'kalasi. Ndipo ngakhale zitakhala zoona, nayonso nambala yosowa imatuluka nthawi zina. Anawagulira bokosi lodula, ndipo abale anamuyamika.

Anasiya ntchito. Anasamukira m'nyumba yaikulu ya mpanda, ndipo kwa mkazi wake anangoti masamu aja abala. Mkaziyo anazungulira zipinda zonse ndi makina ake, kufunafuna windo. Onse ankayang'ana kukhoma.

"Kuno msewu sindikuuona," anatero.

"Muuonerenji msewu, amayi? Fumbi lokhalokha."

Mwana ndiye anapeza njira: ankakwera pa chitsulo cha thanki ya madzi, n'kumasuzumira pamwamba pa mpanda mpaka galimoto ya bambo ake itaoneka.

Thumba linakhala m'kabati miyezi yambiri. Ndalama zinalipo, zokwana munthu wodziwa kuzisunga. Koma amene waona tikiti yopusa ikulowa savutikanso ndi phindu la yunifolomu. Chimene chinkam'bweza m'mbuyo ndi mantha, ndipo mantha aja anawapezera njira ya masamu. Ngati ngozi ikuchokera ku kuchepa kwa timiyala, ndiye achulukitse timiyalato.

Anasanduka munthu wopatsa. Ankalipirira ana a eni sukulu, kugulira anthu zakumwa, kuthandiza pa matenda ndi pa maukwati. M'mawa uliwonse pageti pankakhala anthu, ena atabwera kusanache. Wometa uja analinso pomwepo. Galimoto yake ija inali itagulitsidwa, ndipo anali atayambiranso kumeta pansi pa mtengo.

"Apulofesa, takhala tikukudikirani," ankatero anthuwo. "Mpaka miyendo kuchita dzanzi."

Mawu amenewo ankam'koma. Ankawayang'ana ali m'galimoto, n'kumawaika m'thumba mmodzimmodzi. Atakhutira kuti mwayi woipa wachepa mokwanira, anagula tikiti yachiwiri.

Inalowa. Kamwala kachiwiri kanali kochepa kuposa koyamba. Anakaponya kunja kwa mpanda.

Tsiku lotsatira, pobwera kunyumba, pamwamba pa mpanda panalibe mutu wa mwana. Anam'peza atagona, thupi likutentha. Kuchipatala anayeza zonse zimene amayeza. Mwanayo sanavutike nthawi yaitali. Anangofunsa kamodzi ngati ababa afika, ndipo atauzidwa kuti ali pomwepo, anagwedeza mutu n'kugona.

Maliro atatha, mphunzitsi anapita kuseri kwa sitolo ya matayala. Sing'anga anali pampando womwe uja.

"Munandinamiza. Pageti panga pamadzaza anthu tsiku lililonse."

"Amadikira inu, kapena chikwama chanu?"

"Thumbali ndi lolemera."

"Mchenga umalemera, aphunzitsi. Ndinakuuzani kuti muli mchenga."

"M'thumbamu mwatsala timiyala tingati?"

"Mukufunsabe ine? Pitani kunyumba mukaone amene akufunseni ngati mwadya."

"Litengeni. Ndalama zonse ndibweza."

"Sindikukukakamizani chilichonse. Simukulifuna, lisiyeni m'kabati. Thumba silibetcha lokha." Anavula magalasi n'kuwapukuta. "Koma anthu a masamu ndimawadziwa. Mukaona mtengo wabwino, simugona."

Mkazi wake ndiye anapeza mchenga pansi pa kabati, akusesa. Anatulutsa thumbalo n'kuliika pabedi, nakhala pambali pake mpaka mwamuna wake atalowa.

"Abambo, ichi n'chiyani?"

Akananama. Koma anali atatopa, ndipo anafotokoza zonse, kuyambira pa mtengo wa magetsi. Anafotokoza bwino, mwadongosolo, ngati ali m'kalasi. Mkaziyo sanamudule.

"Mumvetse," anamaliza motero, "mmene ndinkaonera nthawi imeneyo, mwayi woti zigwere iye unali wochepa kwambiri."

"Wochepa bwanji?"

"Wochepa kwambiri."

"Ndiye kuti munkadziwa kuti alimo."

Iye anayang'ana pansi.

"Munkadziwa kuti alimo, n'kupisa dzanja." Mawu ake sanakwere. "Ine ndilimo?"

Mkaziyo anadzuka, namasula makina pa tebulo lake, nawakulunga m'nsalu. Anatenganso yunifolomu ya mwana imene inali kuseri kwa chitseko. Zina zonse zogulidwa ndi ndalama zija anazisiya.

Pakhomo anatembenuka. "Mundichotsemo. Sindidzakudikiraninso."

Anapita kwa mng'ono wake, amene ankakhala m'dera lina, m'mbali mwa msewu waukulu.

Nyumba ya mpanda inam'kulira. Mphunzitsi anazolowera kudya ataima, m'khitchini, m'poto momwemo. Wailesi yakanema ankaisiya yoyatsa tsiku lonse kuti muzimveka mawu a anthu. Lamulungu masana ankaika foni patebulo n'kukhala pambali pake, osadziwa chimene akuyembekezera. Chipinda cha mwana sankachitsegula, koma podutsa pa chitseko chake ankayenda monyang'ama, ngati kuti muli wogona.

Thumba sanalikhudze. Ankabetcha wamba, ndipo sankawerengeranso mtengo. Ankangofuna kuti masana athe. Kachidutswa kaja kanayamba kum'dya monga kamadyera aliyense. Anasiya kupatsa anthu, ndipo pageti panayera mwamsanga. Galimoto inapita. Mipando inapita. Pakhoma panatsala zizindikiro za pamene panali zithunzi.

Anatumizira mkazi wake ndalama. Zinabwezedwa tsiku lomwelo. Anaimba foni, sinayankhidwe. Anapita yekha kamodzi, ndipo mlamu wake anam'chingamira kumsewu.

"Sakufuna kukuonani, alamu. Musatiyambitse zina. Bwererani."

Anabwerera. Ali m'minibasi, atapanikizika pakati pa anthu osawadziwa, ganizo linam'fikira, lodekha ndi loyera ngati yankho la funso lovuta. M'thumba mulibe kanthu.

Analikana ganizolo kwa milungu ingapo, koma linkabwerabe, ndipo ulendo uliwonse linkabwera ndi umboni wake. Timiyala tinali titatu. Zimenezo tsopano ankazidziwa. Tiwiri tinapita. Wachitatu ananena ndi pakamwa pake kuti sadzadikiranso. Anabweza ndalama. Sayankha foni. Anakana kumuona ali pakhomo. Ndipo ndani angadikire munthu amene anachita zimene iye anachita? Mwayi woti kamwala katsala unali wochepa kuposa uliwonse umene anauwerengerapo. Mbali inayo kunali ndalama zaulere, ndi kusiyana ndi thumba mpaka kale. Kubetcha kopanda choluza: chinthu chimene wobetcha aliyense amalota, chimene iye ankauza anthu kuti kulibe.

Panali lamulo lina limene ankalinena kawirikawiri pa mabenchi paja: mtengo ukome bwanji, osaika chinthu chimene sungapirire chikapita. Analikumbukira. Analiyang'ana kwa kanthawi, n'kuliika pambali.

Anagulitsa firiji ndi bedi, nagula tikiti yachitatu.

Inalowa. Anthu a m'nyumba yobetchera anamunyamula m'mwamba. Anawasiya akuimba, nabwerera kunyumba dzuwa likadali pamwamba. M'chipinda munalibe chokhalira, choncho anagwada pansi, thumba lili patsogolo pake.

Anapisa dzanja. Mchenga wokhawokha. Anavundula mbali iyi ndi iyo, mpaka pansi. Palibe. Anapuma mpweya wautali, ndipo sanadziwe ngati chimene akumvacho ndi chimwemwe, chifukwa tanthauzo lake linali loti padziko lonse palibe amene akumuyembekezera. Anayamba kutulutsa dzanja.

Pamenepo ndi pamene kanam'khudza chala. Kanabwera kokha, pang'onopang'ono, kofunda.

Anakhala chigwadire nthawi yaitali, dzanja lili m'thumba. Akakasiya, dzuwa lilowa ndipo thumba likhuthuka lokha. Akakatulutsa, watulutsa. Anafunafuna njira yachitatu ndi nzeru zake zonse. Kuwala kwa pakhoma kunkazilala.

Anakatulutsa, koma sanakataye. Anakafumbata mwamphamvu, natuluka osatseka chitseko, ndalama zili pansi m'chikwama. Anakwera minibasi yoyamba imene inaima. Njira yonse ankalankhula ndi nkhonya yake motsitsa mawu, ndipo amene anakhala naye pafupi anasendera kutali. Ali m'njira anamva kamwala kakuzizira.

Atatsika, anaona amayi angapo atakhala pakhonde la mlamu wake, osalankhula. Windo la kumsewu linali lotsegula, ndipo makina anali pomwepo, nsalu ikadali pansi pa singano.

Mlamu wake anatuluka. Sanamukalipire.

"Akazi anu angogwa pa makina pomwepo," anatero. "Sanadwale."

"Koma ananena okha. Ananena kuti sadzandidikiranso."

"Ananena, inde."

"Anabweza ndalama. Inu nomwe munandibweza pamsewu apa."

"Anandituma ndi iwo. Mutapita, anaima pawindopo mpaka minibasi yanu itasowa." Mlamuyo anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu. "Ndinawapatsa chipinda cha kuseri, chabata, chowala bwino. Anakana. Anati makina akhale apa. Minibasi ikaima, makina ankaleka kulira. Tsiku lonse, minibasi iliyonse. Ana anga mpaka anazolowera. Ndikawafunsa, ankati akungopumitsa mwendo."

Mphunzitsi anatsegula dzanja, nayang'ana kamwalako.

"Alamu," anatero mayiyo, "munakhala nawo zaka zonse zija. Simunawadziwe?"

Ndalama za ulendo wachitatu palibe akudziwa kumene zinapita. Chitseko chinali chotsegula. Kuseri kwa sitolo ya matayala tsopano amasungirako matayala akale, ndipo eni ake amati sakumbukira kuti munakhalapo munthu.

Mphunzitsi alipo. Amakhala panja pa nyumba yobetchera, pansi, atatsamira khoma. Malaya ake ndi amodzi, ndipo kolala inatha mbali zonse ziwiri. Thumba lakuda limakhala pamiyendo pake. Amapisa dzanja, n'kuvundula, n'kulitulutsa, n'kuliyang'ana, n'kupisanso. Dzanja linalo salitsegula.

Obetcha atsopano amam'seka. "Apulofesa, lero tiike pa iti?" Nthawi zina amawayankha bwinobwino, ndi mawu a m'kalasi, kuti ayambe afunsa mtengo. Kenako amawafunsa ngati kunyumba kwawo kuli amene amaleka ntchito akamva mapazi awo, ndipo iwo amaseka n'kulowa. Wometa yekha ndiye saseka. Amadutsa cha kutali, atayang'ana kumbali.

Masewero akatha, anthu amatuluka, opambana ndi oluza omwe, aliyense akufulumira chifukwa kwinakwake achedwa. Mayi wa pakauntala amakhoma chitseko. Mphunzitsi amatsala pomwepo. Palibe kumene akuchedwa.

Dyera silimasowa masamu. Limawerengera bwino kuposa tonsefe, ndipo nthawi zonse limapeza kuti mtengo ndi wabwino. Chimene silidziwa ndi kuwerenga anthu. Limayesa kuti otikonda ndi ambiri pamene ali ochepa, ndipo limayesa kuti atha pamene akadalipo. Chuma chimene chikufuna munthu ngati chikole n'chodula pa mtengo uliwonse, ngakhale mwayi woluza uchepe chotani. Amene ali ndi womudikira pawindo asapite kukafunafuna mwayi kwina. Apite kunyumba nthawi ikadalipo.